Pikapu ndi ya katundu, anthu si matumba

Aliyense amene wafikapo pa Lunzu, Lizulu kapena Mponela tsiku la msika adaonapo chinthu ichi: pikapu yadzaza matumba a mbatata ndi madengu a tomato, pamwamba pa katunduyo pakhala amayi, ena ali ndi ana kumsana, kenaka anyamata alendewera kumbuyo. Ulendo wa mutauni wayambika.

Sitikunyoza matola ayi. Tikudziwa kuti m'midzi yambiri minibasi sifika, makamaka nyengo ya mvula, ndipo ndi pikapu yomweyi imene imathamangira kuchipatala ndi mayi woyembekezera kapena kunyamula anthu opita kumaliro. Koma thandizo lisasanduke msampha.

Tiyeni tiwerengetsere limodzi. Mapikapu ambiri adapangidwa kuti azinyamula katundu wolemera pafupifupi tani imodzi, kutanthauza matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50. Anthu 20 olemera makilogalamu 60 aliyense apyola kale mlingowo, katundu wawo tisanamuwerenge. Galimoto ikalemedwa chonchi mabuleki sagwira msanga, matayala amatentha n'kuphulika, ndipo pokhota imapendekeka. Kumbuyoko kulibe mpando kapena lamba, choncho dalaivala akangoponda buleki mwadzidzidzi, munthu amaponyedwa pa phula ngati thumba.

Mutauni ndiye zimanyanya. M'misewu ya ku Limbe kapena pafupi ndi msika waukulu wa Lilongwe muli akabaza, ana asukulu, ogulitsa malonda ndi anthu oyenda pansi, ndipo kuima mwadzidzidzi n'kosapeweka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidanena mu 2023 kuti ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pachaka, ambiri mwa iwo m'maiko osauka ngati lathu lino ndi m'maiko omwe akutukuka kumene.

Malamulo alipo. Lamulo la pamsewu la 1997 limafuna kuti woyendetsa akhale ndi laisensi yoyenera, galimoto ikhale ndi inshuwalansi komanso chiphaso cha COF chotsimikiza kuti ili bwino. Wonyamula anthu kuti amulipire amafunikanso chilolezo chapadera. Apa okwera matola atchere khutu: inshuwalansi ya galimoto yolembetsedwa kuti ndi ya katundu kawirikawiri siteteza anthu olipira. Ngozi ikachitika, banja limatsala manja ali m'khosi, chipukutamisozi osachiona.

Tsono vuto lagona pati? Lagona pa tonsefe. Dalaivala amafuna kuphera mbalame zonse paulendo umodzi, wokwera amati bola ndikafike, ndipo apolisi ena a pamsewu amayang'ana kumbali akapatsidwa kangachepe.

Ife tikuti eni magalimoto alemekeze mlingo wa katundu ndipo asasakanize anthu ndi matumba. Makhonsolo a mizinda akhazikitse malo okwezera ndi kutsitsira katundu, m'malo moti mapikapu aziima paliponse n'kutseka msewu. Apolisi ndi nthambi yoona za pamsewu agwire ntchito mosakondera, ndipo wolandira chiphuphu alangidwe pamodzi ndi wopereka. Nalo boma likonze misewu ya kumidzi kuti mabasi azifikako, chifukwa kuletsa matola popanda njira ina n'kulanga mlimi wosalakwa.

Inunso makolo, mukaona kuti galimoto yadzaza, dikirani ina. Tomato akaonongeka mudzalimanso, koma moyo sagula pamsika. Paja akuluakulu adati kuthamanga si kufika.