Ulendo wa ku Beira: Maso Pa Nyanja, Lilime M'thumba

Tchuthi cha Heroes cha mwezi wa Ogasiti chikayandikira, mafoni a m'malokeshoni a ku Harare amadzaza ndi mauthenga otsatsa maulendo. Dongosolo lake silisintha. Basi inyamuka Lachisanu usiku, idutsa Marondera, Rusape ndi Mutare, iwoloka chipata cha Forbes ndi Machipanda, kenaka itsika ndi msewu wa N6 kudzera ku Chimoio ndi Inchope mpaka kukafika ku Beira, mtunda wa makilomita pafupifupi 560. Loweruka ndi la kugombe, kudya nsomba ndi nkhanu, ndi kujambulitsa pa nsanja ya nyali ya Macuti. Lamlungu, ngati ligi ya Moçambola ili m'kati, ndi la mpira. Pambuyo pake onse akwera basi kubwerera kwawo. Mwa okwera basizo muli zidzukulu zambiri za anthu amene anachokera ku Nyasaland, ku Fort Jameson ndi ku Tete, ana a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa, a mfunda wa Phiri, Banda, Mwale ndi Mbewe.

Ulendo wotere suli woipa. Munthu amene wagwira ntchito chaka chathunthu ali ndi ufulu wokaviika mapazi m'madzi amchere. Chodandaulitsa n'chakuti ulendowu ndi wobwereka, ndipo mwini wake weniweni anachoka kalekale. Azungu a ku Rhodesia ndiwo anauyamba. Pa tchuthi chawo cha Rhodes and Founders ankathamangira ku Beira kukasambira, kukadya za m'nyanja ndi kukamwa mowa wa Apwitikizi, kufikira pamene Samora Machel anatseka malire mu Malichi 1976. Kwa iwo Beira linali gombe la Salisbury basi, ndipo munthu wakuda wa kumeneko anali wonyamula mbale. Lero mdzukulu wa khukhi wa ku Highlands akuyenda msewu womwewo, akuima pamalo omwewo, ndipo akuyang'ana mzindawo ndi maso a bwana wa agogo ake. Dziko linalandira ufulu mu 1980, koma ndandanda ya zokaona sinalandire.

Kwa munthu wolankhula Chinyanja, Beira si mzinda wachilendo wa kugombe. Kwa zaka zambiri linali khomo la Nyasaland lotulukira kunja. Njanji yochokera ku Beira inafika ku Umtali mu 1898 ndi ku Salisbury mu 1899. Mu 1922 njanji ya Trans-Zambezia inatsegulidwa, kupatuka pa Dondo kulowera kumpoto mpaka m'mphepete mwa Zambezi, ndipo mu 1935 mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa 3.6, unalumikiza Sena ndi Mutarara, kotero kuti sitima inkayenda kuchokera ku Limbe mpaka kudoko popanda kutsitsa katundu pamtsinje. Tiyi wa ku Mulanje ndi Thyolo, fodya wa ku Lilongwe ndi thonje la kuchigwa cha Shire zinkatulukira kumeneko. Machona ambiri analowa mu Southern Rhodesia wapansi kudzera ku Tete, ena pa malole a Ulere, ena m'manja mwa Mthandizi. Koma amene anali ndi ndalama ya tikiti ankakwera sitima, ndipo pa Dondo ndi pamene njira ya kwawo inkakumanirana ndi njira ya ku Halale. Basi ya lero imadutsa pa Dondo pomwepo, makilomita pafupifupi 30 kuti ifike ku Beira, okwera ali m'tulo kapena akuchonga mafoni. Palibe amene amaimirira kuuza ana kuti pamphambano imeneyi ndi pamene ena mwa makolo awo anapenya kumpoto komaliza.

Nkhani ya chilankhulo ndiyo yopweteka koposa. Ku Beira kumalankhulidwa Chindau ndi Chisena, pamodzi ndi Chipwitikizi. Chindau ndi mbale wa Chishona, n'chifukwa chake mwana wa ku Harare amamvana ndi wogulitsa pamsika mosavuta kwenikweni. Koma Chisena ndi mbale wa Chinyanja. M'kaundula wa zilankhulo za Chibantu wa Malcolm Guthrie, Chinyanja, Chinyungwe cha ku Tete ndi Chisena zili m'chigawo chimodzi, cha N, pamene Chishona ndi Chindau zili m'chigawo cha S. Msena amati munthu, anthu, nyumba, madzi, monga momwe amanenera gogo wa ku Mabvuku. Pamene Mchewa amati zinthu iye amati pinthu, pamene Mchewa amati kulankhula iye amati kulonga, ndipo pothokoza amati takhuta. Chisena chomwecho n'chimene chimalankhulidwa ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Ndiye kuti mdzukulu wa machona akafika ku Beira ali ndi makiyi awiri m'thumba, pamene mnzake wa ku Murewa ali ndi imodzi. Chodabwitsa n'chakuti kiyi yachiwiriyo saitulutsa. Amayamba ndi Chingerezi, chimene wogulitsa nsomba sachimva, n'kugwera ku Chishona, ndipo zikakanika amalankhula ndi manja. Chilankhulo chimene dzina lake lenileni likuchokera ku mawu akuti nyanja chimafika panyanja chili chotsekeredwa m'kamwa.

Manyazi amenewa sanagwe kumwamba. Anaphunzitsidwa. Mwana amene anakula akutchedwa mubhurandaya kapena munyasarande pabwalo la sukulu anazindikira msanga kuti Chichewa n'cha m'nyumba, cholankhula ndi agogo chitseko chili chotseka. M'chaka cha 2000 Robert Mugabe ananyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mitupo, ndiko kuti opanda mfunda, ngakhale kuti Banda ndi Phiri ndi mfunda yakale kuposa dzina lakuti Rhodesia. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo anthu obadwira mu Zimbabwe analamulidwa kukana unzika wa maiko amene ambiri a iwo anali asanapondeko n'komwe. Bala lotere silipola tsiku limodzi. Komabe lamulo lalikulu la dziko la 2013, mu ndime 6, linaika Chewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo pa ndandandawo dzina loyamba ndi lomwelo. Alick Macheso ndi Nicholas Zakaria anaimba m'Chichewa pamaso pa dziko lonse, anthu n'kuvina osafunsa chiphaso. Ngati boma linalemba ndipo oimba anaimba, chimene chatsala ndi mwini chilankhulo kutsegula pakamwa. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Za mpira nazo zimachitika mwa chimodzimodzi. Alendo amalowa m'bwalo la Chiveve ngati olowa m'nyumba ya kanema, n'kumayerekeza zonse ndi Rufaro kapena Gwanzura. Koma dzina la timu ya pamalopo likunena mbiri yonse. Ferroviário da Beira ndi timu ya anthu a njanji, njanji yomwe ija imene inanyamula tiyi ndi machona. Inatenga chikho cha Moçambola mu 2016, ndipo mu 2017 inafika mu ndime ya matimu 8 otsiriza a CAF Champions League. Ligi ya Mozambique yakhala ikudyetsa osewera a ku Malawi kwa zaka zambiri, monga John Banda amene anasewera ku Songo, m'chigawo cha Tete. Mbali inayo, Benjani Mwaruwari, wobadwira ku Bulawayo kwa makolo ochokera ku Malawi, anatsogolera timu ya Warriors ndipo anamwetsa chigoli ku Old Trafford mu 2008 atavala malaya a Manchester City. Mpira wa chigawo chino unamangidwa ndi anthu owoloka malire, m'migodi, m'njanji ndi m'malokeshoni. Wopita ku Chiveve osadziwa zimenezi waonera miyendo 44 ikuthamangitsa chikopa, koma sanaone kanthu.

Palinso mwambo wina woyenera kudzudzulidwa poyera, wa kuima kutsogolo kwa Grande Hotel n'kumajambula umphawi. Nyumbayo inatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950 monga hotela yapamwamba, inatsekedwa mu 1963 itasowa alendo okwanira, ndipo lero mukukhala anthu zikwizikwi opanda madzi a m'mipope. Alendo amatulutsa mafoni pawindo la basi, n'kuika zithunzizo pa Facebook ndi mawu oseka. Koma munthu wa ku Mbare amene amadziwa mmene mafulati a Matapi alili, ndiponso amene akukumbukira Murambatsvina wa mu 2005, pamene bungwe la United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena ntchito, alibe chifukwa chosekera. Nthawi imeneyo anthu ankauzidwa kuti abwerere kumudzi, ndipo ana a machona ndiwo analibe mudzi wobwererako. Namondwe Idai wa mu Malichi 2019 sanafunse pasipoti. Mvula yake inamiza Nsanje ndi Chikwawa, mphepo yake inasasula Beira, ndipo mapiri a Chimanimani anagumukira anthu. Tsoka linaona anthuwa ngati mtundu umodzi, koma mlendo wa masiku awiri akuwaona ngati zoonerera.

Ndiye pali amene sakwera n'komwe basiyo. Nzika ya Zimbabwe siifunika viza pokacheza ku Mozambique, koma imafunika pasipoti, ndipo pasipoti imafuna chitupa ndi kalata ya kubadwa. Ndime 43 ya lamulo la 2013 inanena kuti wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC, amene ankakhala m'dzikomo pamene lamulolo linkatuluka, ndi nzika mwa kubadwa. Koma mu 2021 bungwe la Amnesty International linafalitsa lipoti losonyeza kuti zidzukulu zambiri za anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique zikukhalabe zopanda mapepala, chifukwa kholo lopanda chitupa silingalembetse mwana, ndipo mwanayo akakula sangalembetse wake. Amene mapepala ali nawo amakumananso ndi mtengo wa pasipoti woposa madola 100 a ku America. Motero m'banja limodzi la ku Epworth wina amatumiza zithunzi za kugombe, pamene msuweni wake sangawoloke ngakhale pa Nyamapanda kukaika maliro ku Dedza. Gulu limene limatha kusonkha ndalama ya basi ndi malo ogona lingathenso kusonkherana kuti gogo mmodzi aperekezedwe ku ofesi ya kaundula.

Otsutsa sasowa chonena. Ena ati tchuthi ndi tchuthi, si kalasi ya mbiri yakale. N'zoona, koma kuima mphindi 15 pa Dondo sikuumitsa nyanja, ndipo kupereka moni m'Chichewa pamsika sikuchepetsa kukoma kwa nsomba. Ena ati Beira si dziko la Achewa. Izinso n'zoona, ndipo palibe amene akufuna kulanda mzinda wa Asena ndi Andau; chimene chikufunika n'chakuti mlendo alowe ngati mbale wodziwa ubale wake, osati ngati bwana wobwera ndi chikwama. Ena ati ana a masiku ano Chichewa sachidziwa. Apa ndiye pagona mlandu wonse. Mwana sasunga chilankhulo chifukwa chouzidwa kuti n'chamakolo; amachisunga akaona kuti chikugwira ntchito. Tsiku limene mnyamata wa ku Tafara adzaone mawu a agogo ake akutsitsa mtengo wa nsomba m'dziko la eni, pamene Chingerezi cha kusukulu chalephera, adzaphunzira zimene misonkhano khumi ya zachikhalidwe singamuphunzitse.

A ku Malawi ndi ku Zambia nawo asadziyese oyera. Mwana wa ku Harare akayesa kulemba Chichewa chake chosakanikirana ndi Chishona, ena amathamangira kumuseka kuti n'chothyoka. Iwo amaiwala kuti Chinyanja cha ku Lusaka, cha ku Lichinga ndi cha ku Angónia nazo zili ndi kakomedwe kakekake, ndi kuti Chichewa cha ku Mufakose chapirira mibadwo itatu popanda wailesi ya MBC kapena buku la kusukulu. Woseka wotereyu akumaliza ntchito imene anayamba wonyoza wa pabwalo la sukulu uja. Amene akutukwanidwa mbali zonse ziwiri za Zambezi sangadzudzulidwe akasankha kukhala chete.

Zofunika kusintha n'zochepa, ndipo sizilira thandizo la boma. Okonza maulendo aike Dondo ndi siteshoni ya sitima ya ku Beira pa ndandanda, pambali pa Macuti. Pampando umodzi pakhale wachikulire wodziwa njira za machona, ulendo wake ulipiridwe ndi gulu. Wotsogolera alendo akhale wolankhula Chisena, kuti ana amve ndi makutu awo mmene zilankhulo ziwirizi zimagwirizanirana. Pa Grande Hotel mafoni abwezedwe m'matumba. Mipingo ya CCAP ya ku Harare, mabungwe a maliro ndi magulu a Gule Wamkulu, amene asunga anthuwa pamodzi kwa zaka zonsezi, atenge nkhani ya zitupa ngati yawo, kuti basi ya chaka chamawa idzanyamule ndi amene chaka chino atsala. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, pochenjeza za mawu oipa. Koma mlomo wa moni ndi wofunika kuusiya kulikonse, chifukwa ukamutsata mwini wake umabwera ndi abale.