Tambala m'modzi akwanira

Mabanja ambiri amaweta nkhuku. Anapiye akakula, ena amakhala atambala. Ana amakonda atambala cifukwa ca nthenga zawo zokongola, ndipo safuna kuti ngakhale m'modzi acoke pakhomo. Koma kusunga atambala ambiri m'khola limodzi si nzeru.

Tambala aliyense amafuna kukhala mfumu. Atambala akaculuka, amamenyana. Amajomphana kumutu mpaka kutuluka magazi. Wina amatha kuboola mnzake diso. Wogonja amathawa, amabisala, sadya bwino, ndipo amawonda.

Nkhuku zazikazi nazonso zimavutika. Atambala amazithamangitsa tsiku lonse. Nthenga zapamsana zimathothoka. Nkhuku yosowa mtendere siikira mazira bwino. Gaga amathanso msanga, pamene tambala saikira dzira.

Tambala m'modzi akwanira nkhuku zazikazi 10. Ngati nkhuku zili 20 ndipo bwalo ndi lalikulu, atambala awiri angathe kukhala, makamaka amene anakulira pamodzi. Koma khola likakhala laling'ono, ndewu siitha.

Nanga atambala otsalawo? Banja lisankhe tambala wamphamvu, wosadwaladwala, kuti atsale. Wina agulitsidwe kumsika, ndalama zake zigule makope ndi mapensulo a ana. Wina asinthanitsidwe ndi msoti kwa anansi. Wina akhale ndiwo pa tsiku la alendo.

Mwana angalire tambala wake akamapita. Makolo amufotokozere bwino cifukwa cake. Akuluakulu anati: atambala awiri salira m'khola limodzi.