Sitika ya Core i7 Siimenya Bola

Mwezi watha mufana wanga analandila chilimba. Miyezi 6 akuponya ndalama, osagula nsapato, lunch ni vitumbuwa chabe. Tsiku lomwe analandila anathamangila ku town, nabwela na laputopu ya ex-UK, sitika ya Core i7 ikung'anima pa kona. Wogulitsa anamuuza ati, "Bwana, iyi game iliyonse imadya." Usiku tinaikamo FC 24. Osewela anali kuyenda monga minibus pa Lumumba Road nthawi ya 17 hours, fan ikulila monga chigayo. Mufana sanadye nsima tsiku lija.

Manje imwe amene mukusunga ndalama, mvelani musanalile monga iye.

Chimene chimanyamula game si i5 kapena i7, koma graphics card. Malaputopu ambili a mu ofesi ali na Intel UHD, yokwanila Word, Zoom na ma movie. Game ya masiku ano imafuna khadi yakeyake ya NVIDIA kapena AMD. FC 24 payokha imafuna GTX 1050 Ti na RAM ya 8GB, ndipo apo ndiye poyambila chabe. Musanatulutse ndalama, dinani Ctrl, Shift na Esc pamodzi, pitani pa Performance, muone dzina lili pa GPU. Wogulitsa akakana kuti muone, tulukani.

Nanga laputopu ya mtengo wapakati ingakwanitse? Inde, ngati ili na RTX 3050 kapena RTX 4050, RAM ya 16GB na SSD. FC, GTA V na Fortnite zimayenda bwino pa 1080p. Zolema monga Cyberpunk 2077 zimayendanso, koma muyenela kutsitsa ma settings. Vuto ni lakuti RTX 3050 yambili ili na memory ya 4GB chabe, ndipo ma game atsopano ayamba kuidyela kumutu. RAM mungaonjezele, SSD mungasinthe, koma graphics card ya laputopu ni yomatilila. Imene mwagula ndiye mudzakalamba nayo. Ikaninso fumbi la mu komboni na kutentha kwa October: makina akapsa amadzichepetsa liwilo okha.

Console ilibe nkhani zonsezi. PS5 na Xbox Series zinatuluka mu November 2020, ndipo game yolembedwa PS5 pa kava idzayenda pa PS5, basi. Zitatuluka, PS5 ya disc inali $499, Xbox Series S $299. Kuno mtengo umavina na dollar, koma nthawi zambili laputopu yofanana mphamvu na PS5 imadula kuposa PS5 yeniyeniyo. Ndipo amene mukudikila GTA VI, dziwani kuti Rockstar inailengeza pa PS5 na Xbox Series X na S, osati pa kompyuta.

Koma console nayo ili na misonkho yake. Mufunika TV. Mufunika pad yachiwili, chifukwa FC ya munthu mmodzi ni chilango. Kumenya anzanu pa intaneti kumafuna PlayStation Plus ya mwezi na mwezi, kupatula ma game aulele monga Fortnite na eFootball. Series S ilibe polowetsa disc, ndiye kuti zonse ni download, pamene Call of Duty imodzi imapitilila 100GB. Welengani ma bundle amenewo. Apa PS5 ya disc imawina: mungabwelekane na anzanu, kugula ya second hand, kugulitsa mukaimaliza.

Tisaiwale malaiti. Tonse tikumbuka 2024, madzi atachepa ku Kariba, momwe tinali kugona mu mdima na kuuka mu mdima. PS5 imadya pafupifupi ma watts 200, kuikapo TV. Malaiti akapita, game yathela pomwepo, olo muli 2-1 pa 89 minutes. Laputopu ili na batile, koma musanamizidwe: mukaichotsa pa chaja mphamvu imatsika, ndipo pa game yolema siikhalitsa. Chilichonse chimene mwagula, gulilanitu surge protector.

Manje funso ni limodzi chabe: makinawa adzakubweletselani ndalama kapena ayi? Ngati muli pa college, mumapanga ma beat, ma poster a ma kitchen party kapena mumadula ma video a TikTok, gulani laputopu yokhala na RTX. Idzagwila nchito masana, bola usiku. Ngati mufuna chabe kuchotsa kutopa mukaweluka, console ni yanu, ndipo olo PS4 ya second hand ikali kukondweletsa nyumba zambili. Chimene simuyenela kuchita ni kugula laputopu ya mu ofesi mukuganiza kuti sitika idzasewela.

Mufana wanga? Laputopu ija manje imalemba ma assignment, ndipo imalemba bwino. Bola amakasewela pa ka shop ka ma game pa maliketi, kulipila game na game, pakati pa ana a grade 7 amene amamumenya 4-0. Chilimba china chayamba. Ati ulendo uno tidzapita tonse ku town.