Chilonda cha pamwendo: kumanga bandeji kokha sikukwanira

Pitani m'mawa pa chipatala chaching'ono cha Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa kapena South Lunzu ku Machinjiri, simulephera kupeza wina pamzere wotsukitsa chilonda cha pamwendo. Ena chimapola. Ena amatsukitsa miyezi, mapeto ake n'kukadulidwa mwendo ku Gulupu.

Achibale amathamangira kunena kuti waponda mankhwala. Koma nthawi zambiri nkhani imagona pa magazi. Chilonda chimapola ngati magazi akufika pamalopo, ndipo nthenda ya shuga, BP ndi fodya zimachepetsa njira m'mitsempha. Shuga imaphanso dzanzi kuphazi moti munthu amalasidwa ndi msomali osamva. Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi bungwe la WHO wa mu 2009 adapeza kuti anthu 5.6 mwa 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno adali ndi shuga.

Kuyeza kwake sikulira ndalama zambiri. Namwino amavula wodwala nsapato zonse ziwiri, n'kugwira pamwamba pa phazi komanso kuseri kwa kakolo kuti amve kugunda kwa mtsempha. Phazi lozizira, chala chakuda, kapena katumba amene amapweteka poyenda n'kuleka munthu akaima, zonsezi ndi zizindikiro. Pakakhala kamakina ka Doppler, amayerekeza BP ya pakakolo ndi ya pamkono. Ya pakakolo ikachepera 0.9 ya inzakeyo, ndiye kuti njira yayamba kutsekeka.

Apa mpofunika maphunziro, chifukwa zilonda zimanamiza. China chimadza poti magazi akulephera kubwerera kumtima, ndipo chimafuna bandeji yothina. Bandeji yomweyo pamwendo womwe magazi sakufika imaononga mwendowo.

Anzathu a ku Tanzania adayamba mu 2004 kuphunzitsa madotolo ndi anamwino kuyang'ana mapazi a odwala shuga kudzera m'ndondomeko ya Step by Step, ndipo odulidwa miyendo adachepa. Kuno sukulu zilipo, monga Kamuzu University of Health Sciences ndi Malawi College of Health Sciences. Koma kunena mosapsatira, ofunika kuwaganizira kwambiri ndi amene ali kale pantchito m'matauni athuwa, omwe amaona wodwala chilonda chikadali chaching'ono, mzere uli mpaka panja. Maphunziro awo azichitikira pomwepo, pa mapazi enieni, osati kuhotela.

Inu amene kholo lanu lili ndi shuga, mukapita nalo kusikelo pemphani kuti alione mapazi onse awiri, ngakhale lomwe lilibe chilonda.