Pikapu yakale: werengerani za kugalaja musanatulutse ndalama za zokolola

Alimi anzanga, msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu, kapena soya ndi mtedza zikagulitsidwa bwino, ambiri mumayamba kuganiza zogula pikapu. Maganizowa ndi omveka. Ndalama yonyamulira mabelo ndi feteleza imapweteka, ndipo amatola amabwera pa nthawi yawo. Koma galimoto imene mlimi wamng'ono kapena kalabu ingakwanitse imakhala yakale, monga Toyota Hilux, Isuzu KB kapena Nissan Hardbody imene yadutsa m'manja mwa anthu angapo. Walira mvula walira matope: mtengo wogulira ndi chiyambi chabe, ndalama zambiri zimathera kugalaja.

Chimene chasintha zaka zino ndi mtengo wa masipeya. Pafupifupi onse amachokera kunja, ku Japan, Dubai, South Africa kapena Tanzania, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Mu May 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Sipeya ya madola 100 imene inali K118,000 inafika K170,000 tsiku limodzi, musanawonjezere msonkho ndi phindu la wogulitsa. Popeza madola amasowa m'mabanki, amalonda ambiri amawagula pamsika wamseri pa mtengo wokwera kuposa pamenepo, ndipo wolipira kusiyanako ndi inu. Mwezi womwewo bungwe la MERA linakweza dizilo kufika K2,734 pa lita, ndipo mtengowo wakweranso kuchokera nthawi imeneyo.

Kusowa kwa mafuta kwabweretsa vuto lina. Pamafilling station pakauma, anthu amagula dizilo wam'zigubu kwa mavenda. Dizilo wotere nthawi zina amakhala ndi madzi, fumbi kapena wosakaniza ndi palafini. Pampu ya dizilo, imene amakaniko amati injector pump, imadalira kuterera kwa dizilo yemweyo kuti isadyeke mkati, ndipo palafini alibe kuterera kokwanira. Pampu ndi ma injector zikafa, galimoto imavuta kuliza m'mawa, imafooka pachitunda ndipo imamwa mafuta ambiri. Ntchito imeneyi si ya makaniko wapansi pa mtengo, imafuna makina apadera a m'tauni. Injini za D-4D za ma Hilux apambuyo pake sizipirira dizilo wakuda ngati mmene zimachitira injini zakale za 3L ndi 5L. Mukakakamizika kugula wam'zigubu, musiyeni adikhe, musefe ndi nsalu yoyera, ndipo muzikhetsa madzi pansi pa fyuluta ya dizilo.

Vuto lachiwiri ndi kutentha kwa injini. Misewu yakumunda imadzaza redieta ndi fumbi, udzu ndi mankhusu, ndipo madzi amatope a pachitsime amatseka timipaipi take mkati. Muvi wa kutentha ukakwera inu n'kumapitiriza ulendo kuti mufike pamsika, gasiketi imapsa ndipo mutu wa injini umapindika kapena kung'aluka. Paipi ya madzi kapena lamba wa fani ndi zinthu zotsika mtengo, koma kuzinyalanyaza kumathera pogula mutu wa injini. Muvi ukakwera, imani, dikirani injini izizire, ndipo musatsegule chivindikiro cha redieta ikadali yotentha chifukwa nthunzi yake imawotcha.

Chachitatu ndi lamba wa timing belt. Injini za Toyota za 2L, 3L ndi 5L zili ndi lambayu, ndipo amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse. Akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amagunda mavavu ndipo ntchito imakhala yotsegula injini. Ngati wogulitsa alibe umboni wa tsiku limene anasintha, werengerani kuti musintha inuyo mukangogula. Injini ya Nissan TD27 ilibe lamba wotere, imagwiritsa ntchito magiya.

Chachinayi chimachokera kwa ife eni ake, kulongedza mopitirira. Pikapu zambiri zimenezi zinapangidwa kunyamula pafupifupi tani imodzi, amene ndi matumba 20 a makilogalamu 50, kapena mabelo 10 a makilogalamu 100. Tikaika matumba 35 ndi anthu pamwamba, masipuling'i amathyoka, kilachi imapsa, mabelingi a mawilo akumbuyo amadyeka, matayala amaphulika ndipo mabuleki sagwira potsika phiri. Chasisi imathanso kung'aluka. Ulendo umodzi umene mwapulumutsa umakudyerani ndalama ya maulendo ambiri, osanena za miyoyo ya anthu.

Ndiye musanalipire, pitani ndi makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Fikani m'mamawa injini isanalizidwe, chifukwa injini yotopa imabisa matenda ikatentha. Onani utsi. Wakuda ukusonyeza fyuluta ya mpweya yotsekeka kapena vuto la pampu ndi ma injector. Wabuluu ndiye kuti injini ikuwotcha oyilo. Woyera umene sukutha injini itatentha ungatanthauze kuti madzi akulowa mkati. Tsegulani pothirira oyilo: mukaona zoyera ngati chambiko, madzi akusakanikirana ndi oyilo. Lowani pansi muone dzimbiri ndi malo owotcherera pa chasisi. Iyeseni pachitunda itanyamula katundu. Yerekezani nambala za injini ndi chasisi ndi zimene zili m'mapepala, ndipo kusintha umwini mukachitire limodzi ku Road Traffic. Musaiwale kuti COF ndi inshuwalansi ndi zolipira mobwerezabwereza, galimoto iyende kapena isayende.

Kenako khalani pansi ndi cholembera. Tiyerekeze kuti mukuchoka ku Mchinji kupita ku Lilongwe ndi kubwerera, makilomita pafupifupi 220. Galimoto yoyenda makilomita 10 pa lita idzamwa malita 22, ndipo ikalemedwa imamwa oposa apo. Onjezani dalaivala, oyilo ndi fyuluta zosintha pa makilomita 5,000 aliwonse, matayala, ndi ndalama yosungira zowonongeka. Gawani zonsezo ndi matumba 20, muyerekeze ndi zimene amatola amalipiritsa pa thumba. Dzifunseninso kuti galimotoyo idzagwira ntchito yanji kuyambira December mpaka March, zokolola kulibe ndipo misewu ili matope.

Kwa mlimi wa maekala awiri kapena atatu, masamu amenewa kawirikawiri amasonyeza kuti kubwereka galimoto pa nyengo yokolola, kapena ngolo pa mitunda yaifupi, n'kotchipa kuposa kukhala ndi yanu. Kwa kalabu kapena kopaletivi imene ili ndi katundu wa miyezi yambiri, pikapu ikhoza kupindulitsa, pokhapokha pakhale dalaivala mmodzi, buku lolemba ulendo uliwonse, ndi thumba la masipeya limene silibwerekedwa pa maliro kapena ukwati. Sankhani mtundu umene masipeya ake amapezeka mosavuta ku Malangalanga, Limbe kapena Mzuzu, ndipo amakaniko akwanu amaudziwa.

Chomaliza, musathere ndalama zonse pogula. Ngati mutalipira galimoto simutsala ndi ya feteleza ndi mbewu za chaka chamawa, komanso yokonzera zoyamba kuwonongeka, nthawi yogula sinakwane. Dikirani chaka china. Galimoto yokhala pa njerwa pakhomo siinyamula thumba ngakhale limodzi, ndipo munda umene unaigula umakhala utagona wopanda feteleza.