Sabata imodzi pa chakudya cha thandizo: kodi atsogoleri amaphunzirapo chiyani za umphawi?

LILONGWE – Pomwe boma la America lidaimitsa ntchito zake zambiri kwa masiku 43 kumapeto kwa chaka cha 2025 kaamba kosagwirizana kwa aphungu pa ndondomeko ya zachuma, anthu pafupifupi 42 miliyoni omwe amadalira thandizo la chakudya lochokera ku boma adalowa mwezi wa Novembala asakudziwa ngati alandira ndalama zogulira chakudya kapena ayi.

Nkhaniyi idafika mpaka kumakhothi ndipo thandizolo lidayambanso kuyenda bwino boma litatsegulidwa pa 12 Novembala. Koma mpungwepungwewu udadzutsanso funso lakale lomwe limakhudza dziko lililonse lopereka thandizo kwa anthu ovutika, kuphatikizapo Malawi: kodi akuluakulu omwe amakhazikitsa mlingo wa thandizo amadziwa momwe munthu amakhalira ndi mlingo umenewo?

Ndondomeko yomwe idagwedezekayi imatchedwa Supplemental Nutrition Assistance Program, pachidule SNAP, ndipo imayendetsedwa ndi unduna wa zamalimidwe m'dzikomo. Idayamba ngati makuponi ogulira chakudya mumzinda wa Rochester m'chaka cha 1939, idakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1964 muulamuliro wa Lyndon Johnson, ndipo dzina lomwe ili nalo lero idalilandira mu 2008.

Masiku ano makuponi adatha. Ndalama zimalowa pa khadi kamodzi pamwezi, ndipo khadilo limagula chakudya chokha. Siligula sopo, mowa, fodya ngakhale chakudya chophikaphika chotentha. M'chaka cha 2025 munthu mmodzi amalandira pafupifupi $6 patsiku tikatengera anthu onse pamodzi.

Munthu yemwe angasinthe ndalamazi kukhala makwacha akhoza kuganiza kuti olandirawo ndi opeza bwino, koma kuwerengera kotere n'kosokeretsa chifukwa iwo amagula pa mitengo ya kwawo, ndipo ambiri alibe munda kapena dimba lowonjezerapo ndiwo.

Pofuna kumvetsa za mlingowu, atsogoleri ena m'dzikomo akhala akudzipereka kukhala sabata yathunthu akudya zokhazo zomwe ndalama za thandizo zingagule. Mchitidwewu udatchuka m'chaka cha 2007 pomwe bwanamkubwa wa chigawo cha Oregon, Ted Kulongoski, adakhala sabata imodzi m'mwezi wa Epulo ndi $21, zomwe zikutanthauza $3 patsiku kapena dola imodzi pa chakudya chilichonse.

Mwezi wotsatira aphungu anayi a nyumba ya malamulo adachitanso chimodzimodzi. Awiri mwa iwo, Jim McGovern wa chipani cha Democratic ndi Jo Ann Emerson wa chipani cha Republican, ndiwo amatsogolera gulu la aphungu loona za njala. Enawo adali Jan Schakowsky ndi Tim Ryan.

Zomwe zidagwera Ryan ndizo zidakhala m'kamwa mwa anthu. Ali paulendo, achitetezo pabwalo la ndege adamulanda mabotolo a chiponde ndi jamu omwe amadalira, ndipo adatsala ndi masiku oti adye koma ndalama zitatsala pang'ono kutheratu. Kwa phunguyo idali nkhani yofotokozera atolankhani, koma idaonetsa poyera kuti m'ndondomeko ya munthu wosauka mulibe malo a ngozi. Botolo limodzi likasweka, palibe pokatenga lina.

M'mwezi wa Disembala 2012, Cory Booker, yemwe panthawiyo adali mfumu ya mzinda wa Newark, adayesanso ndi ndalama pafupifupi $30. Mu 2013 aphungu oposa 20 adachita izi potsutsa ganizo lodula ndalama za ndondomekoyi. Mu 2015 katswiri wa mafilimu Gwyneth Paltrow adagula chakudya cha $29, chomwe mudali masamba ambiri ndi mandimu, koma adagonja patangotha masiku anayi, ndipo anthu ambiri adati zogula zakezo zidaonetsa kuti sadziwa momwe mayi wa ana amagulira chakudya choti chikhutitse banja.

Ku Britain nkhani yotere idachitika kale. M'chaka cha 1984 phungu wa chipani cha Conservative, Matthew Parris, adakakhala sabata imodzi mumzinda wa Newcastle ndi £26.80, ndalama zomwe munthu wosowa ntchito amalandira panthawiyo, ndipo zidamuthera sabata isadathe. Mu 2013 nduna yoona za ntchito ndi penshoni, Iain Duncan Smith, itanena pa wailesi kuti ikhoza kukhala ndi £53 pasabata, anthu oposa 400,000 adasaina chikalata choiuza kuti ichite zomwe yanenazo.

Pali zinthu zingapo zomwe pafupifupi onse oyesawa amabwera nazo. Choyamba n'chakuti ndalama zochepa zimasankhira munthu chakudya. Zipatso, nyama ndi masamba zimayamba kuchoka m'dengu, n'kutsala mpunga, nyemba, buledi ndi zina zokhutitsa msanga. Ichi n'chifukwa chake m'maiko olemera umphawi umatha kuyendera limodzi ndi kunenepa kwambiri ndi matenda a shuga.

Chachiwiri n'chakuti umphawi umadya nthawi ndi maganizo. Munthu amazungulira m'sitolo akuwerengera khobidi lililonse, kubweza katundu pa shelefu, ndi kuganizira za chakudya cha mawa asadamalize cha lero.

Kafukufuku yemwe adasindikizidwa mu 2013 m'magazini ya Science ndi akatswiri anayi, mwa iwo Sendhil Mullainathan ndi Eldar Shafir, adapeza kuti alimi a nzimbe ku Tamil Nadu m'dziko la India amakhoza bwino mayeso a kaganizidwe akakolola n'kulandira ndalama kusiyana ndi nthawi yomwe asadakolole. Alimi ake adali omwewo. Chomwe chidasintha ndi nkhawa ya ndalama. Tanthauzo lake n'lakuti zolakwika zina zomwe anthu osauka amanenedwa nazo ndi zotsatira za umphawiwo osati gwero lake.

Chachitatu ndi kutha kwa thandizo mwezi usadathe. Malipoti a unduna wa zamalimidwe ku America akhala akuonetsa kuti gawo lalikulu la ndalama za SNAP limagwiritsidwa ntchito m'masabata awiri oyamba. Kafukufuku wina wa mu 2014 ku California adapeza kuti chiwerengero cha anthu opeza movutikira ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha kutsika kwa shuga m'thupi chimakwera ndi 27 pa 100 aliwonse m'sabata yomaliza ya mwezi poyerekeza ndi yoyamba, pomwe kwa anthu opeza bwino sichimasintha. Apa zikuonetsa kuti ndalama zomwe boma lapulumutsa pa chakudya likhoza kukazilipira kuchipatala.

Ngakhale izi zili chomwechi, mchitidwewu uli ndi malire ake ndipo otsutsa ali ndi mfundo zomveka. Akuluakulu adati mlendo ndi mame. Phungu yemwe akudya nyemba sabata imodzi amadziwa tsiku lomwe adzasiye. Ali ndi galimoto yopitira ku sitolo yotsika mtengo, firiji yosungira chakudya, khitchini yokwanira, ndipo sakudandaula za lendi, za mankhwala kapena za nsapato za mwana. Umphawi weniweni sudziwika tsiku lothera, ndipo mavuto ake amabwera onse pamodzi.

Ena amati kuyesaku kumasokeretsa chifukwa SNAP idakonzedwa ngati thandizo lowonjezera chabe. Malamulo ake amayembekezera kuti banja ligwiritse ntchito magawo 30 pa 100 aliwonse a ndalama zomwe limapeza pogula chakudya, ndipo boma limangokwaniritsa potsalapo. Oyankha mfundoyi amati mabanja ambiri akalipira nyumba ndi magetsi, gawo lowonjezeralo silipezeka.

Palinso vuto lakuti sabata imodzi ikhoza kutsimikizira aliyense zomwe amakhulupirira kale. Munthu wathanzi wodziwa kuphika akhoza kuimaliza bwinobwino n'kubwera kudzanena kuti thandizolo n'lokwanira, monga momwe ena ofuna kuti lidulidwe adachitira mu 2013.

Pa kusintha kwa malamulo, zotsatira zake zakhala zosakanikirana. Lamulo la zaulimi la mu 2008 lidakweza thandizo lotsikitsitsa, lomwe lidakhala pa $10 pamwezi kwa zaka pafupifupi 30, n'kulimangirira ku kukwera kwa mitengo. Mu 2021 boma lidaunikanso dengu la chakudya lomwe limagwiritsidwa ntchito powerengera thandizo, ndipo mlingo udakwera ndi 21 pa 100 aliwonse. Kukweraku kudachokera pa kuwerengera mitengo ndi kadyedwe ka anthu, osati pa zomwe phungu wina adamva m'mimba.

Koma pa 4 Julaye 2025 Pulezidenti Donald Trump adasaina lamulo lomwe, malingana ndi ofesi yowerengera zachuma ya nyumba ya malamulo, lichotse ndalama pafupifupi $186 biliyoni ku SNAP pofika chaka cha 2034. Lamuloli lidakwezanso zaka za anthu oyenera kuonetsa kuti akugwira ntchito maola 80 pamwezi kuchoka pa 54 kufika pa 64. Zaka 18 za kuyesa kwa atsogoleri sizidaletse zimenezi.

Kuno kumudzi funsoli n'lolemera koposa chifukwa osauka si gulu lochepa lapambali. Kafukufuku wa ofesi ya National Statistical Office wa mu 2004/05 adapeza kuti anthu 52.4 pa 100 aliwonse adali osauka, pomwe malire a umphawi adali K16,165 pa munthu pachaka kapena K44 patsiku. Wa mu 2019/20 adapeza anthu 50.7 pa 100 aliwonse, malire ali pa K165,879 pachaka kapena pafupifupi K454 patsiku. M'zaka 15 malirewo adakwera kakhumi koma chiwerengero cha osauka sichidasunthe kwenikweni.

M'mwezi wa Malichi 2024, mtsogoleri wa dziko panthawiyo Dr Lazarus Chakwera adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi kutsatira ng'amba ya El Niño, ndipo komiti yoona za kusowa kwa chakudya ya Malawi Vulnerability Assessment Committee idati anthu 5.7 miliyoni afunika thandizo m'nyengo ya njala ya 2024/25. Thandizo lozolowereka kuchokera ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa banja pamwezi, kapena ndalama zolowa m'malo mwake.

Thumba limeneli n'loyenera kuliwerengera momwe Kulongoski adawerengera $21 zake. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti banja la m'dziko muno limakhala ndi anthu pafupifupi 4.4. Kugawa makilogalamu 50 kwa anthu amenewa kwa masiku 30 kukupereka magalamu pafupifupi 380 pa munthu patsiku, chimangacho chisadakonoledwe. Mlingowu ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu zomwe mabungwe othandiza pa ngozi amati munthu amafunika patsiku. Pa banja la anthu asanu ndi awiri, mlingowu ukutsika kufika pa magalamu osakwana 240.

Pamenepo sitidawerenge ndalama za kuchigayo, mchere, ndiwo, mafuta ophikira, nkhuni kapena makala, ndi ulendo wochokera kumalo olandirira. Sitidawerengenso mwambo wogawana, poti m'midzi yambiri yemwe walandira sangadye yekha m'bale wake wosalembedwa akugona ndi njala. Mkulu wa boma yemwe wachita masamu amenewa sangafulumire kunena kuti mayi wogulitsa mbale ziwiri za chimanga cha thandizo ndi wosayamika, chifukwa nthawi zambiri akufuna ndalama zogayitsira chotsalacho.

Wosauka amagulanso modula. Wogwira ntchito m'boma amatha kugula thumba lathunthu nthawi yokolola mtengo uli wotsika, pomwe wa ganyu amagula ufa wa m'timapepala ndi mafuta oyeza pa kachibekete tsiku ndi tsiku, ndipo pakutha pa mwezi amakhala atalipira zambiri pa kilogalamu iliyonse.

Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yomwe idayambira ku Mchinji mu 2006 polunjika mabanja ovutikitsitsa opanda munthu wotha kugwira ntchito, ikukumana ndi funso lomwelo mwa mtundu wina. Poyamba banja la munthu mmodzi limalandira K600 pamwezi ndipo la anthu anayi kapena kuposera apo K1,800, kuphatikizapo ndalama zowonjezera pa mwana aliyense wa pasukulu. Mlingowu wakhala ukukwezedwa mwa apo ndi apo, pomwe mitengo imakwera mwezi ndi mwezi. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 aliwonse mu Meyi 2022 komanso ndi 44 mu Novembala 2023, chiwerengero cha pa pepala chidakhala chomwecho koma dengu lidapepuka tsiku lomwelo.

Phunziro lochokera ku America kotero lili pawiri. Kulawa moyo wa olandira thandizo kumatsegula maso a wopanga mfundo, koma chomwe chimasintha mbale ya munthu ndi lamulo lomangirira thandizo ku mitengo ya pamsika, kulipira pa nthawi yake, ndi kuganizira kukula kwa banja pogawa. Zida zochitira izi zilipo kale m'dziko muno, monga mitengo yomwe National Statistical Office imatolera mwezi uliwonse komanso dengu la zofunika pa banja lomwe bungwe la Centre for Social Concern limawerengera.

Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Omwe amadziwa tsiku lomwe thumba limathera ndi olandira eni ake, ndipo makomiti a chitukuko a m'midzi ndi m'madera, alangizi ndi maofesi a mabwanamkubwa ali ndi mwayi wowafunsa mwezi uli pakati, osati pa tsiku logawa lokha pomwe aliyense amakhala akuthokoza.

Masomphenya a Malawi 2063 akufuna dziko lodzidalira lomwe chuma chake chikufikira aliyense. Pomwe dziko likulowera kumeneko, chaka chilichonse pakati pa Okutobala ndi Malichi pamakhala mabanja omwe chakudya chawo chimatsimikizidwa pa tebulo la ku Capital Hill. Mkulu aliyense yemwe amasaina mlingo wa thandizo akhoza kutenga chiwerengerocho n'kupita nacho kumsika wa kwawo Loweruka, n'kuona kuti chikugula chiyani komanso chitha tsiku lanji.