Chiphaso cha mowa chimalembedwa ku Harare, phokoso timalimva ku Shamva

Nyumba yachitatu kuchokera pathu inali golosale. Tinkagulako sopo, machesi ndi buledi. Lero Lachisanu likafika amatulutsa zokuzira mawu zazitali ngati munthu, amayatsa jenereta, ndipo sungura imalira mpaka tambala wachiwiri. Amayi anga, amene akalamba ndipo miyendo imawasautsa, amachezera usiku wonse atakhala pamkeka. M'mawa ana opita kusukulu amadumpha magalasi osweka ndi mikodzo pa mpanda wathu.

Ndinapita kukalankhula ndi mwini malowo. Sanandinyoze ayi. Anandipatsa mpando, kenaka n'kuloza pakhoma pamene anapachika chiphaso chake m'felemu. Pepalalo ndi lenileni, lili ndi chidindo. Mkangano wanga suli ndi bamboyo, amene akusaka ndalama ngati tonsefe. Uli ndi njira imene pepalalo linafikira pakhomapo ife oyandikana naye osamvako kanthu.

Ku Zimbabwe kuno zogulitsa mowa zimayendetsedwa ndi lamulo la Liquor Act, ndipo ziphaso zimachokera ku bungwe la Liquor Licensing Board, limene lili ku Harare. Wofuna kutsegula bala kapena malo ochezera usiku amalengeza pempho lake mu Government Gazette. Chilengezocho chimanena kuti amene ali ndi chotsutsa alembe kalata kwa mlembi wa bungwelo tsiku lakutilakuti lisanadutse. Pamapepala zonse zili bwinobwino. Koma tandiuzeni, ndani ku Wadzanai kapena m'komboni ya mgodi amene anagwirapo Gazette m'manja? Imalembedwa m'Chingerezi cha maloya. Harare ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90. Mayi wogulitsa tomato amene khoma lake lagundana ndi balalo amamva za pempholo tsiku limene lole yatsitsa makireti, nthawi yotsutsa itatha kalekale. Ufulu wotere uli ngati kukuitanira nsima mbale atatsuka.

Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo pamndandandawo Chichewa ndicho chili poyamba. Timanyadira zimenezi pa maliro ndi pa gule. Koma pa nkhani yoti tigona kapena sitigona, Chichewa chathu ngakhale Chishona cha anzathu sichioneka paliponse.

Ena kutchalitchi akamva ndikudandaula amawomba m'manja, akuganiza kuti ndili mbali yawo: atseke onse, mowa ndi tchimo. Pepani abale, kumeneko sindipitako. Tinaona mu 2020, boma litatseka mabala chifukwa cha Covid-19. Kodi anthu anasiya kumwa? Mowa unangosamukira kuseri kwa nyumba, m'mashabini opanda chimbudzi, opanda woyang'ana zaka za wogula, kumene kachasu ndi timabotolo taukali tosadziwika kopangidwa tinkayenda m'matumba. Shamva ndi dera la golide. Makorokoza akatuluka m'maenje atagulitsa, amakhala ndi madola a ku America m'thumba ndi ludzu la milungu itatu. Mnyamata wotere amwa ndithu. Ine ndingakonde amwere pamalo owala, pamene pali mlonda womulanda chikwanje pakhomo, kusiyana ndi kutchire m'mbali mwa Mazowe. Chiphaso ndi chinthu chabwino. Kuipa kwake n'koti chasanduka lisiti chabe: walipira, landira, kapachike.

Nkhani ya mowa ndi olamulira siyachilendo kwa ife ana a anthu obwera. Agogo anga anachoka ku Nyasaland kudzakumba golide kuno, monga anachitira anthu zikwizikwi, ena mwa iwo amene ananyanyala ntchito pa mgodi wa Shamva mu 1927. M'masiku amenewo mowa wa munthu wakuda unali m'manja mwa bwana ndi khonsolo. Njirayi inayambira ku Durban, kumene khonsolo inadzitengera yokha malonda a mowa wamasese n'kumayendetsera malokeshoni ndi phindu lake, ndipo matauni a Rhodesia anatengera. Wantchito ankalandira malipiro masana, madzulo n'kuwabweza ku holo ya mowa. Holoyo inkatsekedwa pa nthawi yake, osati chifukwa chomvera chisoni akazi ndi ana, koma kuti mwamunayo adzuke m'mawa kukalowa pansi. Sindikulakalaka masiku amenewo. Ndikungoona kuti kale ankatiikira malire osatifunsa, lero akuwachotsa osatifunsanso. Mbali zonse ziwiri wokhala m'komboni amawerengedwa ngati khosi lomeza basi.

Wina anena kuti khonsolo ilibe mphamvu, zonse zili ku Harare. Zimenezo sindizivomera. Khonsolo ndiyo imagawa malo a malonda, ndiyo imadziwa kuti apa ndi pogona anthu, apo ndi pamsika. Pempho la chiphaso silidutsa malowo asanayenderedwe ndi azaumoyo ndiponso apolisi asananenepo maganizo awo. Anthu amenewa si a ku Harare, timakumana nawo pa basi. Tsono Chaminuka Rural District Council, imene dera la Shamva lili m'manja mwake, ikhoza kuchita zambiri popanda kudikira nyumba ya malamulo. Ilamule kuti pempho lililonse la malo ochezera usiku limatidwe pa chitseko cha malowo mwezi wathunthu, m'Chishona ndi m'Chichewa, zilembo zikuluzikulu. Khansala aitanitse msonkhano wa m'wadi, oyandikana nawo alankhule, mwini bala ayankhe pamaso pawo, ndipo zonenedwazo zipite ku Harare pamodzi ndi pempholo. Malo amene akufuna kuimba mpaka mbandakucha akhale ku mashopu, kutali ndi mazenera a anthu. Ndipo chiphaso chikamakonzedwanso chaka ndi chaka, funso loyamba lisakhale la ndalama, likhale loti chaka chathachi oyandikana nawo anagona bwanji.

Chinanso, ndalama zimene malo amenewa amalipira ku khonsolo tizione ndi maso. Getsi limodzi la dzuwa pa njira yochokera ku bala lingapulumutse mtsikana wobwera ku ntchito usiku kuposa maulaliki khumi.

Kwa zaka zambiri ambiri a ife tinali ndi chilembo A pa chitupa, kutanthauza mlendo, ngakhale tinabadwira m'komboni momwemu, ndipo ambiri analandidwa voti. Tinazolowera kutsitsa mutu, kuopa ofesi iliyonse. Kuyambira 2013 wobadwira kuno kwa kholo lochokera ku Malawi, Zambia kapena Mozambique ndi nzika. Makhansala amafuna mavoti athu tsopano. Ine ndayamba kuyenda khomo ndi khomo mu mzere wathu ndi kope la sukulu, kulemba masiku ndi maola amene nyimbo zinazima. Mwini bala ndamuuza, ndipo ndamulonjeza kuti tsiku lokapereka kopelo kwa khansala ndidzamuitana tipitire limodzi.